Nkhuku Yopanda Nsima

Kwathu, kunsi kwa mapiri a Dzalanyama, munthu akakuuza kuti wagona ndi njala usafulumire kumumvera chisoni. Yamba wamufunsa zimene wadya. Mwina akuuza kuti m'mawa anadya mbatata zinayi, masana chinangwa chootcha ndi mtedza, madzulo dzungu lathunthu. Zonsezo kwa iye ndi zokhwasulakhwasula chabe. Ngati mthiko sunalowe mumphika, munthuyo sanadye. Ine ndinakula ndi maganizo omwewa, ndipo sindinawakayikirepo mpaka mu Febuluwale 2016, ndili Sitandade 7, tsiku limene ndinaona agogo anga aamuna akulowa m'khitchini koyamba.

Agogowa anagwira ntchito yophika m'nyumba za azungu ku Area 10 ndi ku Area 43, kuyambira pamene likulu la dziko linasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975. Atatopa anabwerera kumudzi kwa akazi awo, monga achitira mkamwini aliyense wa Chichewa, ndipo chibwerereni sanakhudzenso mphika. Anzawo a pabawo ankawatchula kuti "a khukhi", mawu omveka ngati ulemu koma okhala ndi kamwano mkati. Mwina n'chifukwa chake ankaonetsetsa kuti anthu aziwaona ndi khasu kapena nkhwangwa basi. Za kuphika zinkangotuluka pakamwa, madzulo tikuotha moto. Chakudya chimene ankakonda kutchula ndi payi ya nkhuku. Ankati imeneyi ndi ndiwo zokhala m'nyumba yakeyake: m'mbali khoma la ufa wa tirigu wokanda ndi batala, pamwamba denga, mkati nyama ya nkhuku yochotsa mafupa, kaloti, nsawawa ndi msuzi woyera wa mkaka. Ife ana tinkaseka. Ndiwo n'kumangira nyumba, anthu akusowa udzu wofolerera zawo?

Chaka cha 2015 chinayamba ndi madzi osefukira m'maboma ambiri, kenako mvula inadula msanga, ndipo zokolola zinachepa dziko lonse. Anthu pafupifupi 2.8 miliyoni anafunika thandizo la chakudya. Mvula yotsatira nayo inavuta chifukwa cha El Niño, moti mu Epulo 2016 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pangozi. Akuluakulu ankangoyerekeza ndi njala ya 2002, pamene mtengo wa chimanga m'madera ena unachoka pa K4 kufika pa K40 pa kilogalamu, anthu n'kumadya gaga ndi mizu ya nthochi. Pakhomo pathu nkhokwe inatha Khirisimasi isanakwane. Amayi anapita kawiri kukagona pamzere kumsika wa chimanga. Ulendo woyamba anabwera ndi makilogalamu 10, wachiwiri anabwera ndi thumba lopinda kukhwapa.

Koma Febuluwale ndi mwezi wodabwitsa, ndipo amene sanakhalepo kumudzi sadziwa zimenezi. Ndi mwezi umene nkhokwe zimakhala pululu koma ndiwo zili mbwee. Nkhwani wayanga m'mizere, chisoso ndi bonongwe zamera ngakhale kuseri kwa bafa, luni, khwanya, chitambe, therere, zonse zongothyola. Amayi amalawirira kunkhalango, pansi pa misuku ndi mitondo, n'kubwera ndi madengu a bowa, utale ndi manyame. Njala ya mwezi umenewu, kwa mabanja ambiri, imayamba ngati njala ya ufa. Mphika wa ndiwo umabwadamuka, wa nsima uli chovundikira pathandala.

M'masiku amenewo ndi m'mene ankhoswe a mnyamata wina wa ku Nathenje anatumiza mawu kuti abwera Loweruka kudzafunsira mbeta ya mayi anga aang'ono. Lachisanu usiku ufa umene unalipo m'nyumba unali mbale imodzi ya mgaiwa, yosungira phala la mlongo wanga amene anali atangosiya kuyamwa. Anthu anakhala pansi. Atsibweni a mbetayo anati alendo auzidwe kuti adikire mpaka chimanga chitacha. Agogo aakazi anakana, nati mawu otere anthu amawamva ngati kukana kwaulemu, ndipo mnyamata akhoza kutembenukira kwina. Iwo anafuna kuti tikakongole chimanga kwa munthu wina wa katapila, wotenga chitini chimodzi n'kudzabweza zitatu pokolola, apo ayi tigulitse mbuzi yathu yaikazi, imene inali ndi bere. Aliyense ankadziwa kuti mbuzi ya mu Febuluwale imagulidwa pamtengo wa nkhuku.

Agogo aamuna, amene pankhani za mbumba ya akazi awo sankayenera kulankhula kwambiri, anatsokomola.

"A Nabanda, mbuzi isiyeni. Ngongole musatenge. Mawa m'mawa muphe nkhuku yamawangamawanga ija."

"Nkhuku yodyera chiyani, a Phiri? Mukufuna anthu akanene ku Nathenje kuti kumudzi kuja anatinyambititsa msuzi ngati amphaka?"

"Inu iphani nkhukuyo. Kuphikako ndiphika ine ndi mkazi wanga wamng'onoyu," anatero akundiloza ine, monga ankanditchulira mwanthabwala zachigogo.

Palibe anavomera ndipo palibe anakana. Ndikuganiza kuti onse anali atatopa.

M'mawa kutacha ananditumiza kukazula mitengo itatu ya chinangwa cha manyokola chimene anabzala m'malire a munda. Manyokola sichiwawa, munthu amatha kuchiphika tsiku lomwelo, kusiyana ndi chinangwa chowawa chimene chimafunika kuviikidwa masiku angapo kuti poizoni wake achoke. Pachulu panali dzungu limodzi lofulumira kukhwima. M'nyumba munali anyezi awiri, mchere, zitheba zochepa, bowa wadzulo lake ndi mtedza wotsala pobzala. Ufa wa tirigu, batala, mkaka, kaloti, uvuni, zonse zija ankatchula pamoto, panalibe ndi chimodzi chomwe.

Anayamba ndi kusenga mafuta achikasu a m'mimba mwa nkhuku n'kuwaika padera. Nyamayo anaiwiritsa ndi mchere ndi anyezi mmodzi, pamoto wochepa, mpaka inayamba kulekana ndi mafupa. Anaiwuula, naisiya kuti izizire, kenako anandiuza kuti ndichotse mafupa onse ndi kuinyenya timizere. Msuzi anausunga. Mafuta aja anawasungunula mumphika wachitsulo, nakazingiramo anyezi wotsala ndi bowa, osathira madzi, mpaka madzi a bowa anaphwa ndipo fungo linafika kubwalo. Zitheba anazidula tating'onoting'ono kuti zilowe m'malo mwa nsawawa. Chimene chinandisangalatsa ndi m'mene anapezera msuzi woyera uja popanda mkaka kapena tirigu. Anatenga nsinjiro zodzaza manja atatu, nazisungunula kaye m'kapu ya msuzi wozizira kuti zisachite mibulu, ndipo anazithira pang'onopang'ono akutakasa. Pamwamba pake ananyenyeramo kachidutswa ka chinangwa chophika. Msuzi unayamba kulemera. Anati muyeso wake ndi mthiko: ukaudutsitsa pansi pa mphika, njira yake izitsala yoonekera kanthawi isanatsekeke. Msuzi wamadzimadzi umafuna nsima yousunsa, koma wolemera umayenda ndi chilichonse.

Agogo aakazi anasuzumira pakhomo atanyamula matimati atatu. Anawabweza. "Ndiwo zopanda matimati, zopanda mafupa, zopanda nsima," anadandaula akutuluka, "kaya ndi za odwala."

Kenako linafika denga. Chinangwa tinachisenda, kuchiwiritsa mpaka kuphulika, n'kuchotsa mtsitsi wapakati. Dzungu tinaphika palokha. Zonse ziwiri tinazisinja mumtondo zikadali zotentha, ndi mchere ndi timafuta ta nkhuku totsala. Chinangwa chokha chimamata ngati ulimbo ndipo chikazizira chimalimba, koma dzungu limachifewetsa ndi kuchipatsa mtundu. Agogo anayala phala lolimbalo pamwamba pa ndiwo mumphika momwemo, kukhuthala kwake ngati zala ziwiri, nalembalemba mizere ndi kansungwi. Anavundikira ndi chidutswa cha lata, n'kuunjika makala a zitsononkho pamwamba, pansi n'kusiya moto wongonyeka, ndendende m'mene amayi amaphikira chigumu. Patapita nthawi yokwana kupita kudambo ndi kubwerako, anachotsa lata lija. Pamwamba panali patauma, pofiirira, m'mbali msuzi ukutumphukira.

Apa ndi pamene agogo aakazi analowerera ndipo sanalole kubwezedwanso. Kwathu mlendo akamuphera nkhuku, nthutumba iyenera kupezeka m'mbale, kuti adziwe kuti nkhukuyo inaphedwera iye ndipo palibe anaiyamba. "Chitani zonse zachizungu zanuzo, koma nthutumba ioneke." Anaitenga pamene anaibisa, yathunthu, naikhazika pakati penipeni pa denga lija.

Alendo anabwera atatu, panjinga ziwiri. Nkhani itakambidwa pansi pa mtengo wa mango, anawalowetsa m'nyumba, ndipo ine ndinagwada ndi beseni la madzi osamba m'manja. Owerenga amene anakulira kumudzi akudziwa kuti chakudya cha alendo chimabwera m'mbale ziwiri zovundikira, yaikulu ya nsima ndi yaing'ono ya ndiwo. Tsiku limenelo inalowa imodzi. Wamkulu wa alendowo anavundukula, nayang'ana nthutumba, nayang'ananso kukhomo kudikira mbale yachiwiri. M'nyumba munangoti zii. Ndinamva mtima wanga ukugunda m'makutu.

"Nsima ili pamwamba, ndiwo zili pansi," anatero agogo. "Kumbani."

Mkulu uja anaseka, anzake n'kusekanso. Anakumbadi, ndi chipande, ndipo anadya ndi manja, akumatema denga lija ngati mbamu ndi kukokera nalo nyama. Mbale inabwerera yoyera. Posamba m'manja mkuluyo analankhula motsitsa mawu, ngati akuuza beseni: "Chaka chino mphika wa nsima ukupuma paliponse. Mukanabwera ndinu kwathu, tikanakulandirani ndi madzi akumwa." Komabe si onse anakhutira. Patapita milungu tinamva kuti wamng'ono mwa atatuwo ankauza anthu kuti anadya zokoma ndithu, koma nsima imene ankaidikira sinabwere mpaka anatsanzika. Ukwati unachitika mu Seputembala, ndipo mbuzi ija inaswa ana awiri.

Madzulo a tsikulo tinadya zotsala mumphika ndi chinangwa chowiritsa. Ndinakhuta mpaka kumasula chitenje. Pogona ndinamva agogo aakazi akuuza amayi kuti, "Basi, lero tagonanso ndi njala."

Mawu amenewo ndakhala ndikuwasinkhasinkha zaka zonsezi, makamaka chiyambireni kuphunzira za chiyankhulo. Sanali kunama. M'Chichewa mawu akuti ndiwo sadziimira paokha. Ndiwo ndi chinthu chodyera china. Tikati "tidyera chiyani lero?" timafunsa za ndiwo, chifukwa nsima ndi yosafunsa. Mwana wotapa ndiwo zambiri amadzudzulidwa kuti ndi wankhuli. Choncho kupatsa munthu ndiwo zokha kuli ngati kumupatsa mpini wopanda khasu. Zimene agogo aamuna anadziwa, chifukwa cha zaka zawo m'makhitchini a eni, n'zakuti nsima ndi denga la payi zimagwira ntchito zofanana. Zimakhutitsa, zimanyamula msuzi kuchoka m'mbale kufika pakamwa, ndiponso zimaziziritsa mchere ndi mafuta kuti munthu asakoledwe. Chilichonse chimene chingagwire ntchito zitatuzi chingathe kukhala pamalopo. Chimene sichingathe ndi kutenga dzina la nsima, ndipo agogo aakazi ankalira dzinalo.

Chilowereni m'khitchini tsiku lija, agogo sanatulukemonso mpaka chimanga chitacha. Nkhuku inalibenso ina yopha, choncho ndiwo zamkati zinasanduka bowa ndi nsinjiro, tsiku lina nyemba zaziwisi, tsiku lina usipa wochotsa mitu. Njira zoperekera ndizo zinkasintha. Maungu atachuluka mu Malichi, ankadula dzungu pakati, kuchotsa nthanga, kuliphika chovundikira mpaka kufewa, n'kuthira ndiwo m'chibowo chake. Aliyense ankalandira mbale yodyedwa. Nthochi zaziwisi ankaziwiritsa ndi makoko ake kuti zisadetse manja ndi utomoni, kenako kuzisenda ndi kuzimiza mumsuzi. Futali wa mbatata anayesa kamodzi, koma anati nsinjiro pansi nsinjiro pamwamba n'zolemetsa, ndipo mbatata yotsekemera imafuna msuzi wa tsabola. Njira imene ine ndinaikonda kwambiri inali ya tsiku limene amayi anapeza kapu ziwiri za mgaiwa pa ganyu. Ufa umenewo sukanakwana nsima ya anthu asanu ndi awiri. Agogo anaukanda ndi chinangwa chosinja ndi timadzi totentha, naumba timipira ngati mazira a nkhunda, n'kutiika pamwamba pa ndiwo zikuwira, n'kuvundikira osatsegula. Timipirato tinapsa ndi nthunzi, pansi pake titamwa msuzi. Aliyense anamva kukoma kwa chimanga pakamwa, ndipo usiku umenewo agogo aakazi sanadandaule.

Nditafika kuno kusukulu ndinafufuza za payi ija, ndipo ndinapeza kuti eni ake omwe salilemekeza dengalo monga ndinkaganizira. Ku England zaka mazana apitawo, khoma la payi linkakhala lolimba kwambiri, ntchito yake kusunga ndi kuphikiramo nyama, ndipo nthawi zambiri anthu olemera ankangodya zamkati. Komweko kuli cottage pie ndi shepherd's pie, zimene denga lake ndi mbatatesi yosinja, osati tirigu. Ndikukhulupirira kuti agogo anatengera pamenepa nzeru ya chinangwa ndi dzungu. Ku Pennsylvania, m'dziko la America, kuli anthu amene payi yawo ya mumphika ilibe denga n'komwe. Amangoponya tizidutswa ta ufa wokanda mumsuzi wa nkhuku, zosasiyana kwenikweni ndi timipira tathu tija. Malume anga amene anagwirako ntchito ku Durban amasimba za bunny chow, buledi wodula pakati, wokumba mkati, wodzaza ndi nyama kapena nyemba za tsabola. Ngakhale kuno kwathu sitifunika kupita kutali. Anzathu a ku Karonga amaphika mbalagha, nthochi ndi nyama mumphika umodzi, ndipo sadikira mbale yachiwiri. A ku Nkhata Bay nsima yawo ndi kondowole wa chinangwa. Chimanga chenichenicho ndi mlendo wochokera ku America. Makolo athu amene amati anatsikira pa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama momwemu, sanachipeze pamenepo. Nsima yawo inali ya mapira ndi mawere.

Pano ndiyenera kusamala, chifukwa nkhani ngati iyi imakoma pakamwa pa anthu okhuta. Chaka chilichonse cha njala timamva pawailesi kuti Amalawi asiye kudalira nsima, adye zakasinthasintha, ndipo kusukulu tinaloweza magulu asanu ndi limodzi a zakudya, m'mene chinangwa, mbatata, mpunga ndi nthochi zili pamodzi ndi chimanga m'gulu la zokhutitsa. Uphunguwo ndi woona, koma umaganiza kuti munthu ali ndi chinangwacho. Ife tinapulumuka chifukwa nkhalamba ina inabzala manyokola m'malire a munda chaka chimodzi njala isanafike, ndiponso chifukwa tinali ndi mtedza wotsala. Mabanja oyandikana nafe amene munda wonse anabzala chimanga ndi fodya analibe denga lililonse loika pa nkhwani wawo. Ena anadula chimanga chisanakhwime, ena anakwera phiri kukatentha makala, ngakhale kuti kuyambira 2015 m'nkhalangomo munali asilikali oiteteza, popeza ndi kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene mzinda wonse umamwa. Ndiponso chinangwa pachokha chimangodzaza mimba. Mwana wodya chokhachokha amatupa miyendo. Chimene chinkapatsa thanzi mumphika wa agogo chinali pansi, nsinjiro ndi nyemba ndi usipa zija. Pankhani imeneyi chiyankhulo chathu chimatisocheretsa pang'ono, pakuti chimene timachitcha chakudya ndi chapamwambacho, ndipo chimene chimamanga thupi timachiyesa choperekeza.

Chimene sindivomereza ndi manyazi. Usiku uja tinatsala pang'ono kutaya mbuzi ya bere, kapena zitini zitatu za chimanga cha chaka chotsatira, kuti alendo atatu aone mbale ziwiri m'malo mwa imodzi. Alendowo nawonso kwawo kunalibe ufa. Tonse tinkadziwa, ndipo tonse tinali okonzeka kusauka kuti tibisirane chinthu chodziwika kale.

Agogo aamuna anatisiya mu 2019. Anzawo a pabawo anapitiriza kuwatchula "a khukhi" mpaka tsiku lomaliza, koma m'zaka zotsirizazo ankayankha mosanyinyirika, ndipo pamaliro ndi pazinkhoswe amayi ankabwera kudzawafunsa muyeso wa mchere mumphika waukulu. Mu Malichi 2024, El Niño atabweranso, Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera analengeza za ngozi m'maboma 23 mwa maboma 28. Tchuthi cha kumapeto kwa chaka chimenecho ndinapita kumudzi, ndipo nditatsika basi pa Mitundu ndinagula nkhuku, anyezi, mtedza ndi mulu wa chinangwa. Dzungu silinali m'nyengo yake, ndiye ndinagula mbatata yofiira mkati, ya mtundu wa Kadyaubwerere, kuti ifewetse denga.

Ndinaphika ndekha, agogo aakazi atakhala pamkeka pakhomo la khitchini, akuyang'ana chilichonse osanena kanthu. Lata lija linali likadalipo, atalitsamiritsa kuseri kwa nkhokwe. Nthutumba ndinaiika pakati. Anadya mwakachetechete, natapanso kachiwiri, napukuta mbale ndi chala.

"Agogo ako nsinjiro sankachulutsa chonchi," anatero. "Koma wayesetsa."

Ndinayamba kusonkhanitsa mbale. Iwo analoza m'nyumba ndi mutu.

"M'chitini chabuluu muli kaufa pang'ono. Tereka madzi, mwanawe, tidye tigone."

Ndinasonkhezera moto, n'kutereka.